Madontho Oyera pa Galimoto: Mlandu wa Madzi a m'Lusaka

Sabata lino ndidza kwa inu ndi nkhani imene inanditayitsa ndalama, ndipo ndiilemba kuti wina asagwe m'mbuna imene ndinagwamo ine.

Mu Okutobala 2023 kunagwa maliro kwathu ku Katete. Popeza mafuta anali odula, ndinaganiza zopita pa basi, ndipo galimoto yanga, Corolla yakuda yogwirapo kale nchito ku Japan imene inalowera pa Nakonde, ndinakaisiya kwa amalume anga amene asamalira maluwa pa nyumba ina ku Kabulonga. Eni nyumba anavomera mokoma mtima. Tinaiimika m'mbali mwa kapinga, mkati mwa linga, pamene mbala sizikanaifika. Cimene sitinaganizire ndi kacipangizo kowaza madzi kaja kamene kamazungulira pa kapinga m'mawa uli wonse. Kwa masiku asanu ndi anai madzi a m'citsime cobowola anali kuwaza mbali ya kumanzere ndi boneti, ndipo dzuwa la Okutobala linali kuwaumitsa pomwepo.

Nditabwera ndinapeza galimoto iri ndi mawanga ngati nkhanga. Amalume anati, "Mphwanga, usadandaule, ndi madzi cabe. Ukatsuka zicoka." Ndinatsuka ndi sopo kunyumba ku Kabwata. Galimoto ikali yonyowa inaoneka yatsopano, koma itangouma madontho onse anabwerera m'malo mwace. Ndinatsuka kaciwiri, ndipo zinacitika cimodzi-modzi.

Apa ndipo ndinalakwa. Ndinapita pa malo ena otsukira magalimoto m'mbali mwa mseu, ndipo mnyamata wa pamenepo anandilandira ndi mau okoma. "Bwana, izi n'zazing'ono, ndiri nao mankhwala amphamvu." Anaturutsa botolo lopanda dzina, nathira pa boneti yotentha. Fungo lace linandilasa m'mphuno. Madontho anacokadi, koma pamodzi nao kunacoka kunyezimira kwa utoto, ndipo panatsala cigamba cotuwa cacikuru ngati licero. Pa galasi la citseko anapalapo ndi waya wotsukira mapoto, ndipo mizere yace iripo kufikira lero. Sindimuimba mlandu kwambiri mnyamatayo. Anacita cimene anaona anzace akucita, ndipo ine mwini galimoto ndinaimirira pomwepo manja ali m'thumba.

Amene ananditsegula maso ndi acikulire ena opaka utoto pa magalimoto, amene nchito yao anaiphunzira m'masiku amene magalimoto a Fiat anali kumangidwa ku Livingstone, m'zaka za m'ma 1970. Atayang'ana boneti anapukusa mutu nati, "Mwana wanga, kodi ketulo ya kwanu munaisuzumira mkati? Cimene ciri pansi pa ketulo ndico cinali pa galimoto yanu. Mukanabwera ndi botolo la viniga la m'sitolo, bwenzi tikuseka tsopano."

Tiyeni tsono tione za ketuloyo, cifukwa munthu akamvetsa kumene madontho acokera sadzanyengedwanso ndi botolo lopanda dzina.

Mzinda wa Lusaka unamangidwa pamwamba pa mwala wa laimu, umene ena amaucha njereza, ndi mbale wace wochedwa dolomite. Simufunika buku kuti mutsimikize. Onani miyala yoyera ndi yotuwa imene amai amaswa ndi nyundo m'mbali mwa mseu wa Alick Nkhata ku Kalingalinga, kapena maenje akuru-akuru a ku Misisi amene anatsala anthu atakumba miyala. Komboni ya Marapodi inatenga dzina kwa Mtaliyana wina, Marrapodi, amene anali kuocha laimu kuno Lusaka asanakhale likulu la dziko mu 1935. Kampani ya simenti ya ku Chilanga inakhazikitsidwa mu 1949 kaamba ka mwala womwewu, ndipo simenti yace inathandiza kumanga damu la Kariba.

Mvula ikagwa imatenga mpweya wina wa mumlengalenga ndi wa m'dothi umene umaisandutsa asidi wofooka kwambiri. Madziwo polowa pansi amadya mwala uja pang'ono-pang'ono, nasungunula miyala iwiri ya m'kati mwace, calcium ndi magnesium. Maso sangaione. Madzi amaoneka oyera mbee, ndipo kulimba kwaceko pakokha sikudwalitsa munthu. Koma dontho likauma, madzi okha ndiwo amauluka, mwala umatsala. Pa cifukwa ici dontho liri lonse limasiya kamphete koyera kozungulira, pakuti m'mphepete ndimo limayambira kuuma.

Akatswiri amati madzi okhala ndi mamiligalamu oposa 180 a mwala umenewu pa lita imodzi ndi olimba kopambana, ndipo zitsime zambiri za m'Lusaka zimapitirira muyeso umenewo. Tiwerengere pamodzi. Ngati madzi a pa citsime canu ali ndi mamiligalamu 300 pa lita, ndowa ya malita 20 yanyamula magalamu 6 a mwala, ndiko kuti pafupi-fupi kasupuni ka tiyi kodzaza. Munthu amene atsuka ndi ndowa zitatu nasiya galimoto kuti iume yokha padzuwa, gawo lina la mwalawo walipaka yekha pa utoto.

Madzi a m'mipopi sali ofanana m'dera liri lonse. Kampani ya madzi ya mu mzinda uno, imene inakhazikitsidwa mu 1988, imatunga madzi ena mu mtsinje wa Kafue pa Iolanda, makilomita pafupi-fupi 50 kumwera kwa mzinda, ndipo ena imawapopa m'zitsime zakuya za m'Lusaka momwemuno. Madzi a Kafue ndi ofewako poyerekeza ndi a pansi. Cifukwa cace mnzanu wa dera lina angakuuzeni kuti iye madontho sawadziwa, pamene inu a ku Chelstone, Woodlands kapena Kabulonga amene mudalira citsime ca pa khomo mulimbana nao sabata ndi sabata. Njira yodziwira ndi yapafupi. Suzumirani m'ketulo, ndiponso onani ngati sopo avuta kucita thovu. Mukafuna umboni wina, palani zoyera za m'ketulo, muziike m'mbale, muthirepo viniga. Mudzaona zikuwira tinthovu ngati mowa wa masese. Kuwirako ndiko kusungunuka kwa mwala, ndipo ndiyo nchito imene tifuna kuti viniga acite pa galimoto.

Tisanagwire botolo, tidziwe cimene tikutsuka. Acikulire aja anandiuza kuti magalimoto a masiku ao anali ndi utoto wa mtundu umodzi wokhuthala, kotero kuti ukapukuta ndi polishi galimoto yofiira, nsalu inali kufiira, ndipo pansi pace panali kuturuka utoto watsopano. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980 opanga magalimoto anasintha. Tsopano pamwamba pa mtundu amapakapo khungu lina loonekera ngati galasi, ndipo kunyezimira konse kuli m'khungu limenelo. Ndi lopyapyala kuposa pepala la nyuzipepala ino mukuwerengayi. Likatha, palibe polishi amene angalibweze, koma kupaka utoto wina basi.

Dontho la masiku owerengeka limangokhala pamwamba pa khungulo. Dontho limene lapsa ndi dzuwa kwa masabata limamamatira zolimba. Likakhalitsa limadya khungu ndi kusiya kadzenje kozungulira, ndipo pamenepo ngakhale mwala utacoka, cipsera cimatsala. Citsulo ca galimoto yakuda coima padzuwa la Okutobala cimatentha kupitirira madigiri 60, ndipo kutentha kumeneku kumafulumiza zonsezi. Mwa ici, amene acita msanga amaononga ndalama za viniga zokha.

Nayi tsono njira imene ndinaphunzira, ndipo ndinaiyesa pa zitseko za kumanzere zimene mnyamata uja sanazifike.

Sankhani nthawi ya m'mawa dzuwa lisanakwere, kapena madzulo, ndipo imikani galimoto pa mthunzi. Ikani dzanja pa boneti. Ngati dzanja silingakhalepo mwamtendere, dikirani. Poyamba tsukani galimoto yonse monga mwa masiku onse kuti pfumbi licoke, cifukwa pfumbi la m'Lusaka lokhala pansi pa nsalu limakanda utoto ngati mcenga. Mukatero pukutani iume, kuti madontho aonekere bwino.

Gulani viniga woyera wamba, uja amai amathira mu saladi. Mphamvu yace ya asidi ndi pafupi-fupi magawo 5 pa 100, yokwanira kusungunula laimu koma yocepa kuti ioche utoto m'mphindi zowerengeka. Sakanizani kapu imodzi ya viniga ndi kapu imodzi ya madzi ofewa. Madzi ofewa ndi a mvula, kapena aja osungunula ogulitsidwa m'mabotolo pa malo omwetsera mafuta, amene amathiridwa m'batire. Pano cenjerani kwambiri: ndikunena madzi a batire, osati asidi wa batire. Funsani wogulitsa kawiri ndipo werengani pa botolo. Mukasakaniza ndi madzi a pa citsime comweco, mbali ina ya mphamvu ya viniga imathera m'kapu momwemo isanafike pa galimoto.

Yesani coyamba pa malo obisika, monga m'munsi mwa citseko. Mukaona kuti utoto sunasinthe, viikani nsalu yofewa yoyera, muiyale pa madontho, pa malo osaposa kukula kwa thaulo la kumaso. Isiyeni kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Musalole kuti iume. Kenaka pukutani mopepuka, mosakanikiza, tsukuluzani ndi madzi ambiri, ndipo umitsani ndi nsalu ina youma. Madontho akatsalako bwerezani kaciwiri kapena kacitatu. Ine pa citseko ca kutsogolo ndinabwereza katatu, ndipo nchito yonse inanditengera m'mawa wa Ciweru cathunthu. Nchito imeneyi imafuna kuleza mtima, ndipo wothamanga ndiye amayamba kukhuta ndi mphamvu, nakanda utoto.

Mandimu nawonso amagwira nchito ngati viniga palibe, ndipo m'nyengo yace amachipa pa msika wa Soweto. Koma sefani madzi ace bwino-bwino ndipo tsukuluzani kwambiri, cifukwa amasiya zomata zimene zimaitana pfumbi ndi nyerere. Soda wophikira, amene ena amamuyamikira, sasungunula laimu konse. Amangopala monga phulusa, ndipo mukamusakaniza ndi viniga ziwirizo zimaphana mphamvu, inu n'kutsala ndi thovu losangalatsa ana.

Viniga ali ndi kuipa kwace kumodzi: amacotsa phula loteteza limene linali pa utoto. Tsono mukamaliza pakani polishi wa phula pa malo onse amene mwatsuka, apo ai madontho otsatira adzagwira msanga kuposa oyamba. Musamusiye nthawi yaitali pa mphira wa m'mbali mwa magalasi kapena pa marimu a aluminiyamu osapakidwa utoto, cifukwa amawatuwitsa.

Nanga ngati mwabwereza katatu koma mphete zikali kuoneka? Pitirizani cala pamwamba pace mopepuka. Ngati mumva kukhakhala, mwala ukalipo, ndipo m'masitolo a zipangizo za magalimoto muli dongo lapadera lofewa lotsukira utoto, limene amalitsetsereka pa malo onyowa ndi madzi a sopo kuti lizule zomamatira. Koma ngati pali posalala ndipo mphete ikuonekabe mukayang'ana cammbali, ndiye kuti dontho linadya kale khungu. Viniga sangathandizenso pamenepo, ngakhale mutathira botolo lonse. Cofunika ndi polishi wodula pang'ono, amene amasalaza khungu kufikira kadzenje katafafanizika. Malo ang'ono mungawacite ndi dzanja. Boneti yonse kapena denga, ine ndinena kuti pitani nazo kwa mmisiri wodziwa makina opukutira, cifukwa makina amenewo m'manja mwa wophunzira amaboola khungu m'kanthawi kocepa, maka-maka m'makona.

Pali zinthu zimene siziyenera kuyandikira utoto wa galimoto ngakhale wina atalumbira kuti zimagwira nchito. Asidi wa batire, asidi wothira m'madamu osambiramo, mankhwala otsukira zimbudzi, ufa wotsukira mapoto, waya, phulusa ndi mcenga, zonsezi zimacotsadi madontho, monga momwe moto umacotsera nsikidzi m'nyumba ya udzu. Mankhwala ena ocotsera madontho pa magalasi ndi pa marimu ali ndi asidi wochedwa hydrofluoric, amene amadya galasi lenilenilo, ndipo akagwera pa khungu la munthu amalowa mkati osamveka kuwawa nthawi yomweyo. Ndikaganiza za anyamata amene amagwira mabotolo opanda dzina ndi manja opanda magolovesi tsiku lonse, ndimaona kuti boneti yanga ndi nkhani yocepa. Eni malo otsukira magalimoto ayenera kudziwa cimene ciri m'botolo liri lonse limene apatsa anyamata ao.

Cenjezo lina ndi la m'nyumba. Kucokera pa miliri ya kolera ya 2017 mpaka 2018 ndi ya 2023 mpaka 2024, mabanja ambiri amasunga klorini wothira m'madzi akumwa ndi mankhwala oyeretsera zovala. Zimenezi musazisakanize ndi viniga, ngakhale m'ndowa imene simunaitsukuluze, cifukwa zimaturutsa mpweya woopsa ku mapapo. Botolo limene mwasakaniziramo viniga lilembeni dzina ndipo liikeni patali ndi ana.

Za galasi la kutsogolo ndifuna kunenapo mwapadera, pakuti apa nkhani siirinso ya kukongola. Usana madontho a pa galasi saoneka kweni-kweni. Koma yendani usiku pa Great East Road kucokera ku Chelstone kulowa m'tauni, nyali za magalimoto obwera zikukuombani m'maso. Dontho liri lonse limamwaza kuwala, ndipo galasi lonse limasanduka nkhungu yonyezimira. Munthu woyenda pansi wovala zakuda, kapena wa njinga yopanda nyali, mumamuona mutamufika kale. Oyendetsa matakisi ndi mabasi ang'ono amene amatsukitsa magalimoto ao tsiku ndi tsiku padzuwa ndiwo ali pa ngozi imeneyi koposa. Mwamwai galasi ndi lolimba kuposa utoto, motero mungagwiritse nchito viniga wosasakaniza ndi madzi, malinga asayenderere pa utoto ndi pa mphira. Nsalu yonyowa ikhale pa galasi mphindi zitatu kapena zisanu, ndipo mupukute ndi kutsukuluza. Citani zimenezi kunja kokha. Mkati mwa magalasi amene anamatidwa pepala lakuda lochinga dzuwa musapakemo.

M'kabotolo ka madzi otsukira galasi musamathiremo madzi a pa citsime, cifukwa timabowo topopera madzi timatsekeka ndi laimu yemweyo. Cimodzi-modzinso m'radiyeta ndi m'batire. Cimene cimacitika m'ketulo cimacitikanso m'injini, kungoti m'injini simungasuzumiremo.

Kupewa kwace kuli m'nsalu youma. Madzi olimba saononga kanthu akali madzi, amaononga akaumira pa galimoto. Tsukani mbali imodzi, muipukute iume, ndipo mupite ku mbali ina, kuyambira pa denga kutsika pansi. Khalani ndi nsalu ziwiri kapena zitatu zofewa zosungira nchito imeneyi yokha, zosagwa pansi. Mukatsukitsa kwa anyamata, musacoke kupita kukamwa tiyi. Apempheni mwaulemu kuti atsukire pa mthunzi ndi kupukuta msanga, ndipo muwaonjezereko kangacepe pa nchito yoonjezerayo. Phula pakani miyezi itatu iri yonse, maka-maka cirimwe cisanayambe.

Yang'ananinso pamene muimika galimoto. Ku Kabulonga ndi ku Woodlands mdani ndi kowaza kapinga kaja. M'kati mwa tauni, kumbuyo kwa nyumba zazitali za mu Cairo Road ndi Cha Cha Cha Road, mdani ndi madzi odontha kucokera m'makonde ndi m'madenga a simenti. Madzi odutsa m'simenti amanyamula laimu wamphamvu kuposa wa m'citsime, ndipo mzere woyera umene amasiya umadya utoto m'masiku ocepa. Mukauona madzulo, ucotseni tsiku lomwelo.

Pano ndiloleni ndipatuke pang'ono. Mu Febuluwale 2024 Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilala ca caka cimeneco ndi tsoka la dziko lonse, ndipo tonse tikumbukira mizere ya zigubu pamene magetsi opopera madzi anali kusowa. Madzi a pansi pa Lusaka ndi nkhokwe imodzi, angakhale zitsime ziri zikwi-zikwi, ndipo ndico cifukwa kuyambira mu 2018 lamulo lifuna kuti zitsime zobowola zilembetsedwe ku bungwe la WARMA. Munthu wotsuka galimoto ndi paipi yosatseka kwa ola lathunthu atapa m'nkhokwe yomweyo imene amai a m'komboni adikira ndi cigubu. Ndowa ziwiri zimakwana, ina ya sopo ina yotsukuluzira, ndipo ndaona ndi maso anga kuti galimoto yotsukidwa ndi ndowa ndi kupukutidwa msanga imakhala ndi madontho ocepa kuposa yothiridwa madzi ambiri ndi kusiyidwa padzuwa.

Mvula ikayamba mu Novembala, cherani mgolo pansi pa denga la malata. Mvula yoyamba ndi yaciwiri zisiyeni zitsuke pfumbi la pa denga, ndipo muyambe kusunga kucokera pa yacitatu. Denga la matailosi a simenti silipereka madzi ofewa bwino ngati la malata. Mgolo uzikhala wovundikira kuopa udzudzu ndi ana. Madzi amenewa musawaononge potsukira matope a ku matayala. Asungireni kutsukuluza kotsiriza, ndowa imodzi pa galimoto yonse, ndiponso kusakaniza ndi viniga.

Boneti yanga inapakidwa utoto watsopano, ndipo mtengo wace unadya pafupi-fupi theka la malipiro anga a mwezi. Mtundu wace usiyana pang'ono ndi wa zitseko, ndipo amene adziwa magalimoto amaona msanga nafunsa ngati ndinacita ngozi. Zitseko za kumanzere, zimene zinalandira madzi omwewo kwa masiku omwewo, zinayera ndi botolo limodzi la viniga. Amalume nao anasuntha kowaza kapinga kaja kucoka pa malo oimikapo magalimoto, atapeza kuti galimoto ya abwana ao inali itayamba kale mawanga kumbuyo.